Oyera Mtima Ndi Ndani? Mafunso ndi Mayankho pa za Kukhala mu Mpingo

Mafunso ali m'munsimu sindinawapeke ndili pa desiki. Ena anachokera kwa ana a kalasi amene ndimawaphunzitsa Loweruka masana, ena anadzuka pa mapemphero a kumlaga (kagulu ka Akhristu a dera limodzi), ndipo angapo anatulukira pamaliro, pakati pa usiku, amuna tikuwotha moto panja amayi akuimba m'siwa. Ndine mkulu wa mpingo wa chipresibeteriya, ndiye musadabwe mukamva kafungo ka kwathu m'mayankhomu. Pamene abale athu Akatolika ndi ena amachita mosiyana, ndayesetsa kunena monga eni ake amanenera.

Kodi Baibulo likamati "oyera mtima" limanena za ndani?

Limanena za Akhristu wamba, amoyo, okhala ndi ngongole ndi ana odwala ngati ife tomwe. Tsegulani makalata a Paulo muone m'mene amayambira. Ya Aroma ikupita kwa okondedwa a Mulungu a ku Roma, oitanidwa akhale oyera mtima (1:7). Ya Aefeso, ya Afilipi ndi ya Akolose nazonso zikupita kwa oyera mtima a m'mizinda imeneyo. Paulo sankalembera akufa. Ankalembera anthu oti akamvetsera kalatayo ikuwerengedwa pamsonkhano, akatero n'kubwerera kunyumba kukaphika.

Pa Machitidwe 9:13 Hananiya akuopa kupita kwa Saulo chifukwa wamva zoipa zimene munthuyu anachitira oyera mtima a ku Yerusalemu. Pa vesi 32 Petro akuyendera oyera mtima okhala ku Lida. Onsewa ndi anthu a mumpingo basi.

Dzina loti "Mkhristu", limene timadzitcha nalo tsiku ndi tsiku, limapezeka katatu kokha m'Chipangano Chatsopano chonse: Machitidwe 11:26, Machitidwe 26:28 ndi 1 Petro 4:16. Loti oyera mtima lili mbwee, ndipo pafupifupi paliponse limanena za gulu. Ngakhale pa Afilipi 4:21, pamene Paulo akuti apereke moni kwa woyera mtima aliyense, akungowerenga mmodzimmodzi anthu a mumpingo umodzi. Woyera mtima wa yekhayekha, wopanda anzake, m'makalatamo mulibe.

Ine ndimadzidziwa. Ndingakhale bwanji woyera mtima ndi mtima wangawu?

Funso ili limavuta chifukwa cha Chichewa chathu chomwe. Tikamva "kuyera" timaona nsalu yochapa bwino, ya mbee, yopanda kadontho. Tikadziyang'ana ife, tikupeza madontho okhaokha. Koma mawu a Chigiriki amene Paulo analemba, hagios, phata lake ndi kuikidwa padera kukhala chake cha Mulungu. Mawu athu amene amafika pafupi kwambiri ndi "kupatulika", omwe aja ali pachikuto cha Baibulo la 1922, Buku Lopatulika.

Agogo anga akakolola ankatenga chimanga china, n'kuchimanga ndi makoko ake omwe, n'kuchipachika kudenga la khitchini pamwamba pa moto. Pofika Okutobala chinali chitada bii ndi mwaye. Kuchiyerekeza ndi ufa woyera wa mudengu, chinali chosaoneka bwino m'pang'ono pomwe. Komabe mwana aliyense pakhomopo ankadziwa kuti ichi sichikazingidwa, sichipita kuchigayo, njala ivute chotani. N'chambewu. Chinali ndi mwini wake ndiponso ntchito yake. Kusiyana kwake n'kwakuti agogo ankasankha cha maso akuluakulu, pamene Mulungu, malinga ndi 1 Akorinto 1:27-28, anasankha zopusa, zofooka ndi zonyozeka.

Mpingo wa ku Korinto womwewo ndiye umboni. Unali wogawikana, ena akuti ndife a Paulo, ena a Apolo, ena a Kefa. Munali munthu wokhala ndi mkazi wa bambo ake (chaputala 5). Ankatengerana kukhoti (chaputala 6). Pa mgonero wa Ambuye ena ankaledzera anzawo ali ndi njala (11:21). Mpingo wotere utakhala kuno, bwenzi tikuutumizira nthumwi za presibitale mwezi ndi mwezi. Koma pa vesi lachiwiri la kalatayo Paulo akuwatcha oyeretsedwa mwa Khristu Yesu, oitanidwa akhale oyera mtima. Dzinalo sanaligwirire ntchito. Analilandira.

Ndiye kuti munthu angathe kumangochimwa, poti dzina walandira kale?

Paulo anadzutsa yekha funso lomweli, ndipo pa Aroma 6:2 anakana kwamtuwagalu. Kalata yonse ya 1 Akorinto ndi chidzudzulo, ndipo mphamvu ya chidzudzulocho ili m'dzina lomwelo: inu ndinu a Mulungu, nanga izi mukuchitazi n'zotani? Petro naye akuti khalani oyera m'makhalidwe anu onse, pobwereza mawu a mu Levitiko (1 Petro 1:15-16). Chimanga chambewu chija sichikhala kudenga mpaka kalekale. Mvula ikagwa chimatsika, chikalowe m'nthaka.

Nanga bwanji Akatolika amatchula anthu ena okha kuti Oyera?

Choyamba tichotse bodza limene limayenda m'makwalala. Mpingo wa Katolika suphunzitsa kuti oyera ndi okhawo olembedwa pa kalendala. Msonkhano waukulu wa Vatican II, umene unachitika kuyambira 1962 mpaka 1965, unanenetsa kuti obatizidwa onse aitanidwa kukhala oyera. Ndipo pa 1 Novembala, tsiku la Oyera Onse, amakumbukira ngakhale amene mayina awo sakudziwika.

Chimene amachita n'chakuti munthu wa moyo wodabwitsa akamwalira, amafufuza moyo wake kwa zaka, amayamba kumutcha Wodala, kenaka Papa amalengeza kuti ndi Woyera, kutanthauza kuti mpingo ukutsimikiza kuti ali kwa Mulungu ndipo ndi chitsanzo kwa onse. Kale nkhani zotere zinkathera kwa maepiskopi a m'deralo. Woyamba kulengezedwa ndi Papa anali Ulrich wa ku Augsburg, mu 993.

Odziwika kwambiri kuno kwathu ndi ofera chikhulupiriro a ku Uganda. Pakati pa 1885 ndi 1887, mfumu Mwanga II ya Buganda inapha Akhristu, ambiri mwa iwo anyamata otumikira kunyumba yachifumu. Amene amakumbukiridwa ndi mayina alipo 45: Akatolika 22 ndi a Anglican 23. Gulu lalikulu linawotchedwa ku Namugongo pa 3 Juni 1886, pakati pawo Charles Lwanga ndi kamnyamata kotchedwa Kizito, ka zaka pafupifupi 14. Papa Paul VI analengeza Akatolika 22 aja kukhala Oyera mu 1964. N'chifukwa chake mukayenda m'Malawi mupeza maparishi, masukulu ndi ana otchedwa Kizito kapena Lwanga.

Pamene timasiyana ndi apa. Mkatolika amapempha Oyera kuti amupempherere, ndipo adzakuuzani kuti sakuwapembedza, akungowapempha monga mungapemphe mnzanu. Ife timaima pa 1 Timoteo 2:5, kuti mkhalapakati ndi mmodzi, ndipo sitipempha kanthu kwa omwalira. Kusiyanaku n'kwenikweni, sitingakubise. Koma ndikaganiza za Namugongo, pamene Mkatolika ndi wa Anglican anapsera pa nkhuni zimodzi, mawu anga amatsika pang'ono.

Lamulungu lililonse, m'Chikhulupiriro cha Atumwi, timanena kuti tikhulupirira "chiyanjano cha oyera mtima". Chimenechi n'chiyani?

Ambiri timangothamanga nawo mawuwa pofuna kufika pa "Amen". Katekisimu ya ku Heidelberg, ya 1563, pa funso 55, imawagawa pawiri. Choyamba, okhulupirira onse ali ndi gawo mwa Khristu ndi m'mphatso zake zonse. Chachiwiri, aliyense ali ndi udindo wogwiritsa ntchito mphatso zake pothandiza anzake, mosanyinyirika.

Gawo lachiwirili m'Baibulo lili ndi fungo la ndalama ndi chakudya. Paulo anatha nthawi yaitali akusonkhanitsa chopereka cha oyera mtima osauka a ku Yerusalemu. Anauza a ku Korinto kuti tsiku loyamba la sabata aliyense azipatula kangachepe (1 Akorinto 16:1-2), ndipo anayamikira a ku Makedoniya amene anapereka ali paumphawi waukulu (2 Akorinto 8). Choncho amayi a Mvano, a Chigwirizano, a Umanyano kapena a Dorika akanyamula ndowa ya madzi, mtolo wa nkhuni ndi mbale ya ufa kupita kwa nkhalamba yodwala, akuchita chiyanjano cha oyera mtima kuposa ife amene timangochinena bwino pagome.

Sindingangopemphera ndekha kunyumba? Ulaliki uli pa wailesi, pa TV ndi pa Facebook.

Kwa wodwala, wokalamba, kapena wogwira ntchito ya ulonda Lamulungu, wailesi ndi dalitso. Tonse tinaidalira mu 2020, nthawi ya Covid-19, pamene kusonkhana kunali kovuta. Ndipo kupemphera pawekha Yesu mwini anakulamula (Mateyu 6:6).

Koma pali malamulo ena amene munthu sangawasunge ali yekha. Nyamuliranani zothodwetsa (Agalatiya 6:2). Khululukiranani. Chenjezanani. Ululiranani machimo. Mawu onsewa ali ndi "-ana", ndipo "-ana" safuna munthu mmodzi. Mlaliki wa pa TV sangakuwawitseni mutu ngati m'mene amachitira mayi wa mukwaya uja amene amaimba mokweza kuposa onse, koma sangakuphunzitseninso kupirira. Sakudziwa dzina lanu. Mwana wanu akagonekedwa kuchipatala sadzabwera ndi phala m'fulasiki. Mgonero nawo sumadyedwa pa foni. Wolemba Ahebri anaona kale chizolowezi chimenechi pakati pa anthu ake, n'chifukwa chake pa 10:25 akuti tisaleke kusonkhana monga amachitira ena.

Kulembedwa m'kaundula wa mpingo kuli m'Baibulo, kapena n'za anthu chabe?

Khadi la umembala mulibemo, zimenezo n'zoona. Koma mpingo woyamba unkadziwa anthu ake. Pa Pentekoste anawerenga obatizidwa, anapezeka ngati 3,000 (Machitidwe 2:41). Pa 4:4 amuna okha afika ngati 5,000. Panali mndandanda wa amasiye othandizidwa, wokhala ndi malamulo ake, kuphatikizapo zaka zosachepera 60 (1 Timoteo 5:9). Amasiye olankhula Chigiriki atayamba kudumphidwa pogawa chakudya, anasankha amuna asanu ndi awiri oti aziyang'anira ntchitoyo (Machitidwe 6). Ndipo Ahebri 13:17 akuti atsogoleri adzayankha mlandu wa miyoyo imene akuiyang'anira. Mbusa wosadziwa chiwerengero cha nkhosa zake, imodzi ikasowa adzadziwa bwanji?

Kaundula sapulumutsa munthu. Ntchito yake n'njoti wina akasowa milungu itatu, pakhale woti afunse.

Munthu amalowa bwanji mumpingo?

Zimatengera mpingo. Kwathu wamkulu amalowa kalasi, amaphunzira, amafunsidwa ndi akulu a mpingo, kenaka amavomereza chikhulupiriro pamaso pa onse n'kubatizidwa. Amene anabatizidwa ali khanda sabatizidwanso, amangovomereza n'kuyamba kudya mgonero. Ku Katolika kuli ubatizo, ukaristiya woyamba ndi ulimbitso. A Baptist, a Seventh-day Adventist ndi mipingo yambiri ya chipentekoste amabatiza okhawo amene akhulupirira okha, pomiza m'madzi. Funsani akulu a pamene mukupempherapo, musachite manyazi.

Mumpingo mwadzaza anthu achinyengo. Ndikhaliremonji?

Sinditsutsa. Alipo, ndipo ena a iwo amakhala kutsogolo komwe timakhala ife akulu a mpingo.

Dandauloli ndi lakale, ndipo linang'amba mpingo kuno ku Africa komwe. Mu 303 mfumu ya Roma, Diocletian, inalamula kuti mabuku opatulika a Akhristu awotchedwe. Atsogoleri ena anakana n'kuzunzidwa, ena anachita mantha n'kupereka mabukuwo. Mtendere utabwerera, gulu lina la ku Carthage, limene linadzatchuka ndi dzina la mtsogoleri wawo Donatus, linati anthu amantha aja sangakhalenso atsogoleri, ndipo ubatizo wochokera m'manja mwawo ndi wachabe. Anadzipatula, namabatizanso aliyense wobwera kwa iwo, kuti mpingo ukhale wa oyera okhaokha. Mkanganowu unatha zaka zoposa 100.

Augustine, episkopi wa ku Hippo, mzinda umene lero ndi Annaba ku Algeria, anawayankha ndi fanizo la tirigu ndi namsongole (Mateyu 13:24-30): mwini munda analetsa antchito kuzula namsongole nthawi isanakwane, kuopa kuzulira pamodzi ndi tirigu. Anati ubatizo ndi wa Khristu, si wa munthu amene wagwira madziyo. Pa mfundoyi ndimagwirizana naye. Pamene ndimamusiya ndi pamene anadzavomereza kuti boma liwakakamize anthu aja ndi mphamvu. Kumeneko kunali kuzula komwe anali kuletsa.

Chimene ndaona ine n'chakuti wothawa mpingo chifukwa cha achinyengo akayambitsa wake, zaka zisanathe zisanu nawonso umagawikana pa chifukwa chomwecho. Koma ngati muli nkhanza, kuba chopereka, kapena mtsogoleri wogwirira ana, imeneyo si nkhani yodikira kukolola. Iululidwe, ndipo yofunika apolisi ipite kupolisi.

Munthu akaimitsidwa mgonero, kapena kudulidwa, wasiya kukhala woyera mtima?

Mwambo wa mpingo cholinga chake ndi kubweza munthu. Pa Mateyu 18:15-17 Yesu akuyamba ndi anthu awiri okha, pambali, nkhani isanafike pagulu. Pa 2 Akorinto 2:6-8 Paulo akuuza mpingo kuti chilango cha munthu wina chakwana, tsopano amukhululukire ndi kumutonthoza, angamizidwe ndi chisoni. Bwalo la akulu a mpingo lili ndi mphamvu pa gome la mgonero. Buku la moyo silisungidwa muofesi yathu.

Pano ndiyenera kudziweruza ndekha ndi anzanga. Milandu imene timaiona msanga ndi yooneka ndi maso. Mtsikana akatenga mimba, mwezi wachisanu usanathe taitana kale makolo ake. Mnyamata wake nthawi zambiri amangosamukira kutauni, nkhani n'kuthera pomwepo. Wamalonda amene amabera alimi pasikelo, kapena bwana wosalipira wantchito wapakhomo miyezi itatu, sindikukumbuka titamuitanapo. Yakobo 5:4 akunena za malipiro obisidwa amene akufuula kwa Ambuye, koma pabwalo pathu safuula kwenikweni. Ndiponso tikamuimitsa munthu, kawirikawiri palibe amene amapita kukamuyendera. Timadikira kuti abwere yekha kudzapempha kubwezeredwa, ngati wodwala woti adzinyamule yekha pamachira.

N'zoona kuti ukapanda kuoneka kutchalitchi sudzaimbiridwa pamaliro?

M'mipingo yambiri n'zoona, ndipo ili ndi funso limene limabweretsa anthu kwa ine kuposa lina lililonse.

Msuweni wanga anachoka kumudzi kupita kutauni ali mnyamata woimba kwaya. Anatenga kalata yosamukira, n'kuiika m'kati mwa Baibulo, Baibulolo n'kuliika pansi pa sutikesi. Anatha zaka zambiri akumalowa tchalitchi ichi lero, icho mawa, kukhala benchi lakumbuyo, kutuluka nyimbo yomaliza isanathe. Atamwalira, kumudzi anati anasamuka kalekale, si wathu. Kutauni anati sitikumudziwa. Kalata ija tinaipeza tikusanthula katundu wake, itachita chikasu, pomwe anaipinda patang'ambika. Mayi ake anagona m'siwa usiku wonse popanda nyimbo, kufikira amayi atatu oyandikana nawo, a mpingo wina, atayamba kuimba chapansipansi. Sindinawafunse ngati malamulo a kwawo amalola.

Chifukwa cha lamuloli ndimachimvetsa. Mpingo sufuna kunama pamanda, kunena kuti uyu anali nafe pamene sanali nafe. Ndiponso pali anthu amene amasunga umembala ngati inshuwalansi ya maliro: chopereka amatumiza mwana, iwo osaoneka, bola tsiku lomaliza pakhale yunifolomu zoyera ndi abusa. Amenewa akuufuna mpingo pa tsiku lokhalo limene sangathenso kunyamula katundu wa wina aliyense. Komabe maliro ali ndi anamfedwa, ndipo anamfedwawo nthawi zambiri ndi nkhosa zathu zomwe. Ngakhale mwambo wonse wa mpingo usachitike, kupita kukakhala nawo, kupemphera ndi kuwerenga mawu, palibe lamulo limene liyenera kutiletsa.

Ndikusamukira kutauni, mwina kunja. Nditani?

Tengani kalata, ndipo mukaipereke mwezi woyamba. Mwambowu si wa atsamunda. Febe, mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, anapita ku Roma ndi mawu a Paulo opempha kuti amulandire monga kuyenera oyera mtima (Aroma 16:1-2). Apolo naye pochoka ku Efeso abale anamulembera kalata (Machitidwe 18:27).

Makolo athu amene anapita kukagwira ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Rhodesia sanasiye mpingo pamalire. Ankasonkhana m'Chichewa kumeneko, ndipo mipingo yawo ndiyo inakula n'kukhala Sinodi ya Harare, imene inalowa mu CCAP mu 1965. Lero amene ali ku Johannesburg, ku Cape Town kapena ku Britain ali ndi vuto lomwelo. Ngati mpingo wa dzina lanu kulibe, pezani wina wolalikira Khristu, mudziwike ndi dzina. Gulu la pa WhatsApp la mpingo wa kumudzi ndi labwino pomva zolengeza, koma mukagwa pantchito silingakufikeni.

Mpingo wathu ndi waukulu, palibe amandidziwa. Ndiyambire pati?

Tchalitchi cha anthu 2,000 sichingakudziweni Lamulungu m'mawa. Mudziwika pakagulu kakang'ono. Akatolika anaona zimenezi kale: m'zaka za m'ma 1970 maepiskopi a m'chigawo chino cha Africa anagwirizana zolimbikitsa timagulu ta Akhristu oyandikana, ndipo Episkopi Patrick Kalilombe wa ku Lilongwe anali mmodzi mwa amene anaikirapo mtima. Ndiyo miphakati imene mukuiona lero, uliwonse ndi dzina la Woyera wake. Kwathu tili ndi milaga, ena amati maselo, ena mazoni.

Funsani tsiku limene a m'dera lanu amakumana, mupite. Mukapeza anthu khumi ndi awiri atakhala pamphasa ndi pamipando yobwereka, nyimbo ikuyambika mokwera kwambiri moti aliyense akuvutika nayo. Musadikire kuti akupatseni udindo. Ikatha, thandizani kubweza mipando kwa eni ake, ndipo mufunse ngati pali wodwala woti ayenderedwe sabata imeneyo.

Ana nawonso ali m'gulu la oyera mtima?

Kalata ya Aefeso, yolembedwa kwa oyera mtima, pofika chaputala 6 ikutembenuka n'kuyamba kulankhula ndi ana mwachindunji. Ndiye kuti pamene inkawerengedwa anawo anali momwemo, mwina akusokosera ngati athuwa. Za msinkhu wobatizira mipingo imasiyana, monga ndanena kale. Koma mayi amene khanda lake layamba kulira ulaliki uli m'kati, atumiki asamuyang'ane ndi diso loti tulukani. Amupezere malo kufupi ndi khomo, pamene angathe kuyamwitsa akumvabe.